Odyera M'zithunzi ku Chigwa cha Shire

Ukatsetsereka phiri kuchokera ku Blantyre n'kufika pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako n'kulunjika ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje, palibe malo a malonda amene ungadutse osaonapo munthu wodyera m'zithunzi. Uyu wakoleka kamera m'khosi, akudikira kuti akwati atuluke m'tchalitchi. Uyo ali m'kachipinda kotentha ka malata, maso pa kompyuta, akukonza makadi a chinkhoswe. Wina ali pa denga ndi sipanala, wina watsegula TV pa khonde la sitolo. Eni akewo sadziona ngati a ntchito imodzi, komabe onsewa amagwira kuwala kumene makina akusandutsa manambala, ndipo zida zawo zonse zinabadwira m'kafukufuku wochitikira kutali, amene sanafunsepo za dzuwa la ku Ngabu kapena fumbi la pa Bangula.

Palinso ojambula ena amene sakhala pa msika. Chifukwa cha madzi osefukira, Chikwawa ndi Nsanje ali m'gulu la maboma amene zithunzi zawo za m'mwamba zimapendedwa kawirikawiri, za setilaiti ndi za ma drone zomwe. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti magulu awiriwa, wa pa msika ndi wa m'mwamba, sadziwana, ngakhale kuti luso lawo ndi lapachibale.

Kamera inafika m'chigwachi kale kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa ulendo wa David Livingstone umene unakwera Shire mu 1859 n'kukafika kwa Chibisa panali dokotala John Kirk, amene ankajambula zithunzi pa mapepala opaka mankhwala. Zithunzi za ulendowo zinakasungidwa ku Britain. Wojambula amene achikulire a lero amamukumbukira ndi uja wa panjinga, woyenda mudzi ndi mudzi ndi filimu ya zithunzi 36. Munthu ankalipira theka, n'kudikira kuti filimuyo idzadze, ipite ku Blantyre kukatsukidwa. Nthawi zina inkabwera nkhani yoti chithunzi chapsa, ndiye suti yobwereka ija yapita pachabe. Kamera za dijito zinathetsa kudikirako, kenako foni inabwera n'kulanda theka la msika. Lero palibe amene angalipire munthu kuti angomujambula ataima pa maluwa. Zatsala ndi zikwati, zinkhoswe, maliro a anthu odziwika, kuvumbulutsa ziliza, misonkhano ya mpingo, ndi tizithunzi ta pa makalata a sukulu ndi a ntchito.

Amene apulumuka pa ntchitoyi ndi odziwa kulimbana ndi dzuwa. Tangoganizani ukwati wa mu October pa Nchalo, nthawi ikuthamangira 11 koloko. Diresi la mkwatibwi ndi loyera mbee, nkhope yake ndi yakuda, dzuwa lili paliwombo. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha, imayesa kuwala kwa malo onsewo n'kutenga kwa pakatikati, ndiye diresi limatuluka bwino koma nkhope imangokhala chimthunzi chopanda maso. Wojambula wozolowera sakangana ndi kamera. Amawakokera akwatiwo pansi pa mtengo wa nimu, kapena amayatsa fulashi masanasana, anthu n'kumamuseka kuti akuwononga batire. Vutoli ndi lakale. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makina ankatcheredwa kuti khungu limenelo ndilo lituluke bwino. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani akuluakulu ozindikira nkhope, n'kupeza kuti pa amayi a khungu lakuda ena ankalakwa mpaka ka 34 pa 100 alionse, pamene pa abambo a khungu loyera kulakwako sikunafike n'kamodzi komwe pa 100. Kampani ya Transsion ya ku China, imene imapanga Tecno ndi Itel, inaona mpata pomwepo n'kutchera kamera za mafoni ake kuti zizitulutsa bwino khungu lakuda, ndipo ichi n'chimodzi mwa zimene zinaigulitsira malonda mu Africa.

Koma apa pali chodandaulitsa. Kafukufuku atavutikira kuti nkhope yakuda ioneke mmene ilili, kasitomala amafika n'kunong'ona kuti, "Achimwene, mundiwalitseko pang'ono." Wojambula wokana pempholi mawa sapeza ntchito. Ndiye m'nyumba zambiri mwakolekedwa zithunzi za anthu oyererako kuposa eni ake, ataima kutsogolo kwa nyumba yosanja imene sanaipondepo.

Kuwalitsako kumachitikira pa kompyuta, ndipo apa ndi pamene pali gulu lachiwiri, la achinyamata a Photoshop ndi CorelDRAW. Ambiri sanapite ku koleji. Anayamba ndi kutaipa makalata ndi kupanga fotokope, kapena kuthira nyimbo m'mamemole khadi, n'kumaonera kwa mnzawo. Pa gulu ili ndi pamene mungapezenso atsikana, amene pa denga ndi pa benchi ya okonza TV saonekaoneka. Ntchito yawo ndi makadi, masatifiketi a kwaya, zikwangwani za maokala, ndipo nyengo ya chisankho ikafika, nkhope za ofuna ukhansala.

Mdani wawo wamkulu ndi chithunzi chobwera pa WhatsApp. Abale a malemu amafika m'mawa, maliro ali masana, akufuna nkhope ya agogo pa pulogalamu ndi pa malaya. Chithunzi chimene ali nacho chadutsa m'mafoni asanu. Pa foni chikuoneka bwino, koma kungochikulitsa chimasweka kukhala timabokosi. Chifukwa chake chili m'njira yopanikizira zithunzi yotchedwa JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992 potsamira masamu amene Nasir Ahmed ndi anzake anafalitsa mu 1974. Njirayi imaduladula chithunzi m'timabwalo ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo m'kabwalo kalikonse imachita ngati mayi wopeta mphale: zolemera zimatsala m'lichero, zopepuka zimene diso silingazisowe msanga zimauluka. Kupeta kamodzi sikuwononga. Koma wina akajambula sikirini n'kutumiza, wolandirayo n'kudulako m'mbali n'kutumizanso, chithunzicho chimapetedwa kachiwiri ndi kachitatu, ndipo zoulukazo sizibwerera. N'chifukwa chake wa pa kompyuta amachonderera kuti, "Amayi, auzeni amene anajambulawo atumize ngati document."

Masiku ano kwabwera mapulogalamu a AI amene amati amakonza chithunzi chosweka. Zoona, amatulutsa nkhope yosalala, maso owala. Koma sabweza zimene zinatayika. Amalota nkhope kuchokera pa nkhope zina zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Mphini za pa tsaya la agogo pulogalamuyo imaziyesa litsiro la pa chithunzi n'kuzifufuta. Wa pa kompyuta wanzeru amaitana mwana wa malemu kuti aone asanapulinte, chifukwa ndi yekhayo amene anganene kuti awa si amayi.

Za kanema zili ndi mbiri yakeyake. Nthawi yonse ya Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Wailesi ya kanema ya TVM inatsegulidwa pa 1 April 1999, mayiko ambiri a mu Africa ali nayo kalekale, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi MBC. Kuchigwa kanema anayamba kudziwika kudzera m'mavidiyo sho: chisakasa cha mphasa kapena kanyumba kotseka mawindo, mabenchi, jenereta kuseri, ndi sipika panja yoitanira anthu. Matepi analowedwa m'malo ndi madisiki, madisiki ndi fulashi. Mafilimu a nkhondo ndi a karate anapeza omasulira awo m'Chichewa, amene amalankhula m'malo mwa aliyense wa m'filimumo n'kuthiramo nthabwala zawozawo. Koma chimene chimadzaza mabenchi ndi mpira. Loweruka bolodi la pakhomo limalembedwa ndi choko, Arsenal nthawi yakuti, Manchester United nthawi yakuti, ndipo mwini sho amadziwa kuti chithunzi chikangozima pa penate, ndalama za pakhomo abweza.

Chigwachi ndi chotsika kwambiri. Pamene Shire amatulukira m'Malawi kumunsi kwa Nsanje ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, malo otsikitsitsa m'dziko muno, ndipo mapiri a Thyolo atchinga kum'mawa. Mafunde a kanema sakonda kukhota phiri. Kale eriyo ya pa nsungwi inkakoka chithunzi chodzaza timadontho, anthu n'kumaonera chomwecho. Dziko litasamukira ku dijito, motsatira malire a pa 17 June 2015 amene mayiko anagwirizana ku bungwe la ITU, kunabwera dikoda ya Kiliye-Kiliye. Ubwino wake ndi woti njira imene inkanyamula kanema mmodzi tsopano imanyamula ambiri, chifukwa makina satumizanso chithunzi chilichonse chathunthu. Wowerenga nkhani akakhala pa mpando, khoma la kumbuyo kwake limatumizidwa kamodzi, kenako n'kumangotumiza zimene zasuntha, milomo ndi manja. Kuipa kwake, dijito ilibe za pang'ono. Mafunde akafooka chithunzi chimauma, n'kusweka, n'kuzimiratu. Ndiye amene ali kobisika amathawira ku dishi.

Woika dishi amaloza chinthu chimene sakuchiona, setilaiti imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator. N'chifukwa chake madishi onse a kuno amapenya chakumpoto. Kuphonya ndi kachala kamodzi, palibe chotuluka. Amene alibe mita yoyesera amagwira ntchito awiriawiri, wina pa denga, wina pa sikirini m'nyumba, zenera lili lotsegula.

"Pamenepo, achimwene! Ayi, yathawanso. Bwererani pang'ono."

"Uku?"

"Eya, yakwera. Mangani, musapume n'komwe."

Pomanga nati yomaliza dishi imasuntha, n'kuyambiranso. Mvula yamphamvu ikagwa, madontho amamwa mafundewo ndipo chithunzi chimazima ngakhale dishi ili bwinobwino, koma mwini nyumba amaimbira foni woika uja kuti anamuba. Ndipo ntchito yawo imalendewera pa zosankha za anthu akutali. Mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi itasemphana ndi bungwe la boma la MACRA pa za mitengo, ndipo nkhaniyo inatha mu December khoti litagamula. Miyezi imeneyo ligi ya ku England inali itangoyamba kumene.

Mmisiri amene ndimamulemekeza kwambiri pa onsewa ndi wokonza TV. Benchi yake ili ndi mita, chowotcherera, kabulashi kakale kotsukira mano, ndi mulu wa ma TV akufa amene ndiwo sitolo yake ya zipangizo. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mu October ndi November, pamene zida zimenezi zinapangidwira zipinda zozizira. Akatsegula kumbuyo amayamba wapemerera fumbi ndi kuthamangitsa mphemvu, kenako amayang'ana timigolo tating'ono totchedwa makapasita. Kabwino kamakhala kosalala pamwamba, kakufa kamatupa. TV ikabwera yoti mawu akumveka koma chithunzi palibe, iye amaiyatsa n'kuunika sikirini ndi tochi ya foni chapafupi. Akaona zithunzi zikuyenda mozimiririka mkatimo, wadziwa kuti bolodi ili moyo, afa ndi timagetsi ta LED ta kuseri kwa galasi. Timagetsiti timalumikizana mondondozana, ndiye kamodzi kakapsa mzere wonse umazima. Kuti akafike pamenepo ayenera kunyamula galasi lopyapyala kwambiri, ndipo likangothetheka, TV yonse yatha, alipira yekha. Wodziwa ntchito akamaliza amatsitsa kuwala kwa sikirini asanaibweze kwa mwini wake, kuti timagetsi tatsopanoto tisapsenso msanga.

TV zakale zija za chimsana zinkalemera ndi kudya magetsi, koma chilichonse m'kati mwake chinkachotseka ndi kulowezedwa china. Zatsopanozi chithunzi chake n'chokongola, ndipo zina zimayendera batire ya sola, zimene zafikitsa kanema m'midzi imene mawaya a ESCOM sanafike. Koma nzeru zake zonse zaunjikidwa m'kachipangizo kamodzi kosatsegulika. Kafukufuku anakometsa chithunzi n'kuchepetsa zimene mmisiri angakonze. Magetsi nawo samuchitira chifundo. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo kuzimazima kwa magetsi, majenereta ndi ma inverter otchipa zinapha zida zambiri. Madzi osefukira akaphwa, pa benchi pamabwera ma TV odzaza matope. Langizo lake ndi limodzi: musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Ambiri amafika atayatsa kale.

Madzi omwewo ndi amene amaitana ojambula a m'mwamba. Mu January 2015 madzi anasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudula Makhanga, ndipo kunatsatira anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Pa nthawi yotere kamera wamba ya pa setilaiti imangoona mitambo. Imene imathandiza ndi ya radar, monga Sentinel-1 ya ku Ulaya imene inakwera mu 2014. Iyo imaponya mafunde akeake amene amaboola mitambo, usiku ndi usana, n'kumvetsera obwerera. Madzi odekha amataya mafundewo kumbali, ndiye pa chithunzi amaoneka akuda bii. Katswiri amaika chithunzi cha madzi asanabwere pambali pa cha lero, ndipo pamene pada mwatsopano ndi pamene pamira.

Zikumveka zophweka, koma chigwa chino chimapusitsa makina. Madzi obisala pansi pa bango ndi gumbwa za ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi saoneka akuda. Mchenga wouma wosalala, wonga umene mtsinje wa Mwanza umausiya, umatha kuoneka ngati madzi. Mapulogalamu owerenga nyumba pa zithunzi, monga amene Google inatulutsa nawo mapu a nyumba zoposa 500 miliyoni za mu Africa mu 2021, amaona msanga denga la malata, koma la udzu limafanana ndi dothi lolizungulira. Ndipo ngakhale alione, sadziwa ngati ili ndi nyumba, nkhokwe, khola la mbuzi, kapena msasa wa kudimba umene munthu amagonamo miyezi ya chilimwe yokha. Zimenezi amadziwa ndi woyenda pansi. Mu 2014 bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA ndi nthambi yoyeza malo, mothandizidwa ndi World Bank, linaphunzitsa anthu kuyenda ndi GPS m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje, kulemba nyumba, mijigo, sukulu ndi misewu. Patangopita miyezi yochepa madzi a 2015 anafika, mapuwo alipo kale.

Ma drone anabweretsa ntchito yatsopano. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ndegezi ku Kasungu mu 2017, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, imene maphunziro ake anakonzedwa ndi Virginia Tech ya ku America mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Anthu amaganiza kuti luso lake ndi kuulutsa. Kuulutsako n'kochepa, kandegeko kamatsata kokha mizere imene kalemberedwa, kupita ndi kubwerera, kakujambula zithunzi mazanamazana zolowerana. Ntchito yeniyeni imayamba dzulo lake kwa nyakwawa, kufotokoza kuti kachinthuka n'kachiyani, pakuti mphekesera za anamapopa zimene zinavuta m'chigawo cha kum'mwera mu 2017 zinaphunzitsa aliyense kuti mlendo wonyamula zida zachilendo asamangotulukira. Kenako kuika zizindikiro pansi ndi kuyeza malo ake enieni, kuteteza mabatire ku dzuwa, kuletsa ana kuthamangira potera. Ikatha imeneyo, kompyuta imafufuza kadontho kamodzimodzi m'zithunzi zingapo, n'kuwerengera kutalika kwa nthaka kuchokera pa kusiyana kwa mbali zimene kadonthoko kanajambulidwira. Pa madzi, pa bango ndi pa munda wa nzimbe imasokonezeka, chifukwa paliponse pakufanana.

Kuyeza kutalikaku ndiko kofunika zedi kuno. Mapu aulere a kutalika kwa nthaka amene dziko lonse limagwiritsa ntchito, ochokera pa ulendo wa NASA wa mu 2000, dontho lake limodzi ndi mamita 30, ndipo amatha kuphonya ndi mamita angapo. Ku Mulanje kuphonya kotero sikusintha kanthu. Kwa Mlolo kapena kwa Nyachikadza, theka la mita ndilo limalekanitsa nyumba yomira ndi yotsala.

Si za madzi zokha. Ukayang'ana Chikwawa pa chithunzi cha setilaiti umaona mabwalo obiriwira ozungulira bwino, minda ya nzimbe yothiriridwa ndi mipope yoyenda mozungulira. Mbewu yathanzi imabweza kwambiri kuwala kwina kumene diso la munthu silikuona, ndiye kamera yoona kuwalako imaulula chigawo chodwala masamba asanachite chikasu. Ku nkhalango ya Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, kamera zomangirira pa mitengo zimajambula chilichonse chodutsa, ndipo zithunzi zambiri zimakhala za udzu wogwedezeka ndi mphepo. Mapulogalamu osankhula zopanda nyama alipo tsopano, koma kunena kuti chipembere ichi ndi chiti, poona mmene khutu lake linadulidwira, ikadali ntchito ya munthu wochidziwa. Ndipo ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, ikufuna kuti minda ya makolo ilembedwe malire ake, nkhani imene mzere umodzi wolakwika pa chithunzi ungadanitse mabanja.

Pa ntchito zonsezi, wa kuchigwa nthawi zambiri amakhala wolondolera njira, wonyamula chikwama, womasulira Chisena ndi Chimang'anja, wolipidwa pa tsiku. Zithunzi zimakwera phiri kupita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kunja, n'kubwerako ngati lipoti la m'Chingerezi, polojekiti itatha. Amene amazipenda anaphunzira ku mayunivesite a MUBAS, MUST kapena Mzuzu, ndipo sindikuwachepetsa. Koma mnyamata wa pa Ngabu amene amadula mkwatibwi pa chithunzi tsitsi lililonse palokha, n'kusiyanitsa mitundu imene ena sakuiona, ali kale ndi diso ndi dzanja la ntchito yolemba mapu, ndipo amaposa mlendo podziwa kuti ichi ndi chulu, ichi ndi manda. Wokonza TV amene amasintha kapasita angathe kusintha mota ya drone.

Zithunzi za setilaiti za Landsat zakhala zaulere kuyambira 2008, za Sentinel nazonso n'zaulere, ndipo pulogalamu yozipendera ya QGIS salipiritsa. Kompyuta imene imakoka Photoshop ingathe kuikokanso. Chotchinga n'chakuti chithunzi chimodzi cha Sentinel-2 chimadya mamegabaiti mazana angapo a bandulo, magetsi amatha kuzima chisanathe kutsika, ndipo pa msika palibe kasitomala wa mapu. Wa chinkhoswe amalipira lero lomwe.